Musamanene Kuti "Ndimangokhala"

Amayi anzanga, kusikelo ya amayi oyembekezera pali yankho limene limandiwawa. Tikafunsa mayi kuti amagwira ntchito yanji, amaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Ine ayi anamwino, ndimangokhala." Chonsecho wadzuka m'mamawa, watunga madzi, wasambitsa apongozi odwala, n'kuyenda mtunda wautali ndi pakati. Lero ndikuuzeni za munthu wina wa ku France amene analimbana ndi maganizo otere zaka zoposa 200 zapitazo.

Dzina lake ndi Jean-Baptiste Say. Anabadwira mumzinda wa Lyon mu 1767, m'banja la amalonda. Ali mnyamata anawerenga buku la Adam Smith wa ku Scotland, lotuluka mu 1776, lofotokoza mmene mayiko amalemerera. Analikonda kwambiri, koma mfundo imodzi anaikana. Smith ankati ntchito yobala chuma ndi imene imasiya katundu wooneka, woti n'kusungidwa kapena kugulitsidwa, monga nsalu. Madokotala ndi antchito a m'nyumba anawaika m'gulu la ntchito zosabala chuma, ngakhale ankavomereza kuti zina mwa izo n'zofunika.

Mu 1803 Say anatulutsa buku lake, Traité d'économie politique. Mmenemo anafotokoza kuti munthu salenga chinthu chilichonse. Woomba nsalu salenga thonje, amangolisandutsa kuti likhale lothandiza. Choncho chimene ntchito imabala ndi thandizo limene ena amapeza. Anapereka chitsanzo cha dokotala amene wafika kwa wodwala, wamuyeza, wanena mankhwala, n'kumapita. Sanasiye kanthu kogwirika m'nyumbamo, koma wodwala uja wachira. Kwa Say, malangizo aja ndi chopangidwa chenicheni, kungoti chimagwiritsidwa ntchito nthawi yomwe chapangidwa.

Say sanali wamantha. Napoleon atafuna kuti asinthe bukulo kuti ligwirizane ndi mfundo za boma, iye anakana, ndipo mu 1804 anachotsedwa pa udindo wake. Anapita kumudzi wa Auchy kukatsegula fakitale yopota thonje. Bukulo linasindikizidwanso mu 1814, Napoleon atagwa. Say anamwalira ku Paris mu 1832 ali mphunzitsi wa zachuma ku Collège de France.

Koma musamuyese woyera mtima. Ambiri mwa antchito a pafakitale yake anali amayi ndi ana. Ndiponso pali pamene ine ndikusiyana naye. Iye ankayeza thandizo la ntchito ndi mtengo umene anthu alipira. Dokotala wake uja anawerengedwa chifukwa analandira ndalama. Nanga gadiyani amene amagona pansi m'chipatala masabata atatu, kuphikira wodwala, kuchapa zofunda ndi kumutembenuza kuti asachite zilonda? Palibe amamulipira, ndiye pa muyeso wa Say saoneka. Ife anamwino timadziwa kuti popanda mayi ameneyu wodi singayende ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye tengani mfundo ya Say, muipititse pamene iye analekeza. Ngati ntchito ndi thandizo limene ena amapeza, ndiye kuti kuyamwitsa mwana, kuphika phala ndi kudwazika matenda ndi ntchito zimene chuma chonse chimatsamirapo. Mlimi amene ali kumunda lero, alipo amene anamudwazika malungo chaka chatha.

Ntchito yosatchulidwa sigawidwa. Bambo sangakulandireni katundu amene inu eni mukuti kulibe. Mnzathu wa m'bungwe akakhala kuchipatala ndi wodwala, tisamangomupititsira ufa. Tidziwe kuti munda wake ukuyembekeza, tigawane masiku okamupalirira.

Ndipo mukadzabweranso kusikelo, ndikadzakufunsani funso lija, mudzandiyang'ane m'maso n'kuyamba kuwerenga zimene mwachita chidzukireni. Ndidzakumvetserani mpaka mumalize.