Laputopu Ikadutsa pa Mwanza Sibwerera

Basi yochokera ku Johannesburg ikamafika pachipata cha Mwanza imakhala itadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, ndipo anthu amatsika miyendo itatupa. Katundu amatsitsidwa kuti a MRA amuone: mabulangete, mafuta ophikira, mawailesi akanema, mapanelo a sola. Pakati pa zovala m'chikwama china simulephera kupezeka laputopu, yokulungidwa m'thaulo kuti isasweke. Kawirikawiri mwini wake sakhala m'basimo. Amakhala mnyamata kapena mtsikana amene wayamba maphunziro a zamakompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku NACIT, kaya amene akudziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu ali pakhomo, ndipo achimwene ake a ku Joni amugulira chimene iwo akuchitcha makina amphamvu.

Wosankha makinawo ndi wina, wokagwiritsa ntchito ndi wina, ndipo makinawo akangowoloka malire pa Zobue nkhani yatha. Pepala la waranti la m'sitolo ya ku South Africa nthawi zambiri silithandiza ku Limbe. Wofuna kudandaula akwerenso basi ya masiku awiri. Chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mabanja ochepa amene angagule laputopu kawiri. Nchifukwa chake kusankha kwake kuyenera kuchitikira kuno, munthu akuyang'ana soketi ya m'nyumba mwake, ngakhale ndalama ikalipiridwe ku Johannesburg.

Laputopu imene imanyenga anthu ambiri ndi yatsopano yotchipa ija, yonyezimira, yochoka m'katoni ikununkhira pulasitiki. Mkati mwake mumakhala processor ya Celeron, RAM ya 4 GB ndi malo osungira zinthu a 64 GB, ndipo zonsezi kawirikawiri zimakhala zowotcherera pabolodi, zosatheka kusintha. Manambala awiriwa ndiwo malire otsikitsitsa amene Microsoft inaika kuti Windows 11 ingoyaka chabe. Ndiye kuti Windows yokha yadzaza nyumba, mlendo aliyense akhala pakhonde. Kwa kalaliki wa clearing agent pachipata cha Mwanza, amene ntchito yake nkulowetsa mapepala a katundu mu ASYCUDA, makina otere akhoza kukwawa mpaka tsiku lithe. Wolemba mapulogalamu amatsegula Visual Studio Code, masamba khumi a Chrome, database, mwinanso Docker, zonse nthawi imodzi. Google imanena poyera kuti Android Studio imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo wofuna kuyendetsa foni yoyeserera pakompyutapo amafunika 16 GB. Wophunzira wa makina a 4 GB amathera theka la ola akudikira kuti pulogalamu yake imangike, mapeto ake amayamba kudzikayikira kuti mutu wake ndiwo wolemera.

Wina amathawa msampha umenewu nkugwera mwa wogulitsa makina a ex-UK amene amaloza chomata cha buluu pafupi ndi kiyibodi nkunena kuti, "Bwana, iyi ndi i7." Dzina la i7 lakhalapo kuyambira 2008, ndipo palokha silinena kanthu. Chofunika ndi nambala yotsatira kamzere. Processor ya i7-4600U ndi ya 2013 ndipo ili ndi ma core awiri; i5-8250U ndi ya 2017, ili ndi anayi, ndipo imaisiya patali i7 ija ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Nambala yoyamba, 4 kapena 8, ndiyo m'badwo. Nkhani ya m'badwoyi yakula mphamvu chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pamene Windows 11 mwalamulo imalandira ma processor a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Makampani a ku Ulaya ndi ku America akamachotsa makina akale m'maofesi, makinawo satayidwa kudzala. Amakwera sitima kubwera kumisika ngati yathu, atapukutidwa bwino.

Izi sizikutanthauza kuti makina a m'badwo wa 6 kapena 7 ndi zinyalala. Ubuntu kapena Linux Mint imayenda bwino pamenepo, ndipo wolemba mapulogalamu sangaluze pophunzira Linux, popeza ma server ambiri a padziko amayendera yomweyo. Koma wogula adziwe chimene akugula, ndipo mtengo utsike moyenera.

Tsono pali nkhani imene olemba za malaputopu ku London kapena ku California saiganizira nkomwe, ya magetsi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 MW, ndipo kuthimathima kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa chaka ndi miyezi. Nsanja za nthambo za 400 kV zochokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka zinadzalidwa kudutsa m'boma la Mwanza lomweli, koma nthambo kudutsa pamwamba pa mudzi sindiye kuti soketi ya m'nyumba yayaka. Wokhala ku Thambani, amene amadalira kapanelo ka sola ndi batire la galimoto, akudziwa bwino zimenezi.

Apa ndi pamene laputopu ya magemu, imene achinyamata amaisirira chifukwa cha magetsi ake amitundumitundu pakiyibodi, imaonekera poyera. Tchaja yake yokha imakoka ma watt 150 kapena kuposa, imalemera ngati njerwa, ndipo makinawo akachoka kumagetsi amatha maola awiri kapena atatu. Mafani ake amameza fumbi la mu October mpaka makina kuyamba kutentha ndi kudzichepetsa liwiro. Graphics card imene munthu walipirira ndalama zonsezo siigwira ntchito iliyonse polemba webusaiti, pulogalamu ya pafoni kapena yolumikiza sitolo ku Airtel Money ndi TNM Mpamba. Amene akufunadi mphamvu zotere, monga wophunzitsa makina za AI, masiku ano amabwereka makompyuta a pa intaneti kwa maola ochepa. Laputopu ya muofesi imakhutira ndi tchaja ya ma watt 45 kapena 65, ndipo ngati imatchajira pa USB-C ikhoza kudya kuchokera ku power bank yaikulu kapena kubatire la sola popanda inverter. Kabowo kakang'ono kameneka kali ndi phindu kuposa chomata chilichonse.

Malawi ali ndi chitsanzo chakechake cha nzeru imeneyi. Cha m'ma 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Sanaitanitse makina odula. Anatenga timakina totchedwa I-Opener, timene tinalephera malonda ku America, natiika sikirini yogwira ndi chala, nkumatiyendetsa ndi mabatire chifukwa sitinkadya magetsi ambiri. Pamaziko amenewo achinyamata a Chimalawi analemba mapulogalamu amene anafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Anayamba afunsa kuti magetsi akathima chichitike nchiyani, kenaka nkusankha makina. Ku Neno, boma limene linadulidwa ku Mwanza, a Partners In Health, odziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, akhala akusunga mbiri ya odwala ndi pulogalamu yaulere ya OpenMRS m'dera lamapiri lovuta misewu. Ntchito ya mapulogalamu yothandizadi anthu kuno sinadikirepo makina a mamiliyoni.

Choncho ndalama ikakhala yoperewera, ndipo imakhala yoperewera nthawi zonse, laputopu ya muofesi yogwirapo kale ntchito imaposa yatsopano ya mtengo womwewo. ThinkPad T480 ya 2018 ndi chitsanzo chabwino choyang'ana pafupi. Zomangira zake za pansi zimamasuka ndi screwdriver wamba. Mkati muli mipata iwiri ya RAM, moti woyamba ndi 8 GB akhoza kudzawonjezera ina akapeza ndalama ya kaganyu koyamba. Ili ndi mabatire awiri, lina la mkati lina lakunja, ndipo lakunjalo limachoka ndi kulowetsa lina makina osazima. Kiyibodi ikafa imasinthidwa. Dell Latitude 5490 ndi HP EliteBook 840 G5 ndi za msinkhu womwewo. Ubwino wina waukulu ngwakuti zinagulitsidwa zambirimbiri kumaofesi a padziko lonse, kotero mmisiri wa ku Limbe kapena ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Mwanza, sasowa sikirini, batire kapena tchaja yake. Makina osowa, ngakhale akongole bwanji, hinji ikathyoka amagona pashelefu ya mmisiri kudikira munthu wopita ku Joni.

Nanga MacBook? Chilungamo chake nchakuti MacBook Air ya M1, imene inatuluka mu 2020, ilibe fani yomeza fumbi ndipo batire lake likhoza kupirira tsiku lonse la ntchito, zimene zikugwirizana ndi mavuto athu. Wofuna kulemba mapulogalamu a iPhone alibenso kothawira, chifukwa Xcode imayenda pa Mac pokha. Koma RAM ndi SSD yake nzowotcherera, sikirini ikasweka mtengo wake ukhoza kugula ThinkPad ina, ndipo makasitomala ambiri kuno ali ndi Tecno, itel ndi Samsung m'thumba. Amene ali kale ndi ntchito yolipidwa m'madola agule, makamaka ya 16 GB. Wongoyamba kumene aipewe.

Wogula makina ogwirapo ntchito asachite manyazi kutaya mphindi makumi awiri m'sitolo. Pa Windows, kulemba powercfg /batteryreport kumatulutsa lipoti losonyeza mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo; likatsala ndi theka, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pomwepo. Alowe mu BIOS aone ngati mulibe password ya kampani imene inkagwiritsa ntchito makinawo, chifukwa ina mwa ma password amenewa sichoka popanda kusintha bolodi yonse. Mac iyatsidwe pa intaneti kuti zioneke ngati sinamangidwe pa iCloud ya munthu wina. Batani lililonse lidinidwe, bowo lililonse la USB liyesedwe. Hard disk yozungulira isavomerezedwe. SSD ya 256 GB ndiyo poyambira, 512 GB ndiyo mtendere. Risiti yokhala ndi serial number itengedwe, pakuti idzafunika pachipata, komanso laputopu yopanda pepala lililonse ikhoza kudzaitana apolisi pakhomo. Chaching'ono chomaliza: pulagi ya ku South Africa ndi ya mano atatu obulungira, ya kuno ndi ya mano atatu a makona anayi, ndipo nkwabwino kugula chingwe china kusiyana nkukanikiza mawaya m'soketi ndi chitsotso cha machesi.

Ndalama yotsala isapite ku mbewa yowala kapena chikwama cha dzina. Ipite ku surge protector, chifukwa magetsi akamabwera atathima ndi pamene amapha matchaja, ndi ku bandulo, chifukwa kungotsitsa Android Studio ndi zida zake kumameza ma GB angapo. Woyesa pulogalamu yake pafoni yeniyeni yolumikiza ndi chingwe, m'malo mwa foni yoyeserera ija, amapeputsira makina ake katundu wambiri.

Achimwene ndi achemwali a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town amene akusonkha marandi kuti mng'ono wawo aphunzire ntchitoyi akuchita chinthu chachikulu. Asanalipire, ajambule tsamba la About pa makinawo, pamene pamaoneka processor ndi RAM, atumize pa WhatsApp kwa mwini wake. Pakapanda kuoneka m'badwo wa 8 kapena woposa, RAM ya 16 GB kapena mpata woiwonjezera, ndi SSD, ndalamayo ibwerere m'thumba.