NKHOKWE IYAMBE KUDZAZA, BELO LITSATE PAMBUYO

Chaka chilichonse, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo cha m'mwezi wa Epulo, boma la Kasungu limasintha nkhope. Magalimoto olemedwa ndi mabelo amandondozana pa msewu waukulu wochokera ku Nkhamenya ndi ku Chatoloma, eni sitolo amawonjezera malata ndi njinga, ndipo pa Santhe, pa Chamama ndi pa Mtunthama nyimbo za m'malo omwera mowa zimamveka kufikira tambala woyamba. Mlendo wofika pa nyengo imeneyi angayese kuti umphawi unasamuka kalekale m'dera limeneli. Koma mlendo yemweyo atabweranso mu Januwale kapena mu Febuluwale, chimanga chisanakhwime, angapeze ena mwa anthu omwe aja ali ndi khasu paphewa, akuyenda khomo ndi khomo kufuna ganyu woti apezerepo mbale ya ufa.

Chifukwa chake sichivuta kuchimvetsa. Mlimi wa fodya amagwira ntchito pafupifupi miyezi khumi. Amafesa pa nazale dzuwa likuswa mtengo, nathirira m'mawa ndi madzulo, nawokera mvula ikagwa, napalira, nabandira, kenaka kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha ndi kudinda. Koma malipiro ake amadza kamodzi kokha, ndipo asanafike m'manja mwake amakhala atadulidwa kale za ngongole ya feteleza, za mtengatenga ndi za misonkho. Wantchito wa boma akawononga malipiro a mwezi uno amadikira a mwezi wamawa. Mlimi akawononga zake mu Juni amalipira kulakwa kwakeko mpaka mu Malichi, ndipo amene amalipira koposa ndi mayi ndi ana, amene sanalawe n'komwe kukoma kwa ndalamazo.

Malemu Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda, amene kwawo kunali ku Kasungu komweko, ankabwereza pa misonkhano yawo kuti munthu aliyense ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Anthu amasiyana maganizo pa zambiri za ulamuliro wawo, ndipo ali ndi ufulu wotero, koma pa kasanjidwe ka zinthu zitatuzi palibe chotsutsa, pakuti chakudya ndicho chinali patsogolo. M'zaka zimenezo lamulo la mbewu zapadera linkaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa burley, amene anali wa eni maesiteti okha. Chiletsocho chinayamba kumasulidwa m'chaka cha 1990, ndipo kunali koyenera kutero. Komabe ufulu umenewu unabwera ndi nyambo yake. Mabanja ena anayamba kupatsa fodya munda wabwino ndi feteleza yense, poganiza kuti chimanga adzachita kugula. Akuluakulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Belo limene silinagulidwe, kapena limene labwezedwa pa okushoni, silingaphikidwe nsima.

Anthu a ku Kasungu anaona zimenezi ndi maso awo m'chaka cha 2002. Zokolola za 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yosalongosoka, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pofika mu Febuluwale 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu anali akudya gaga ndi masamba a maungu. Ambiri anamwalira. Za banja limodzi la m'mudzi mwa Masitala, kwa Wimbe, dziko lonse lapansi linamva, chifukwa mwana wa m'banjamo, Bambo William Kamkwamba, anazifotokoza m'buku lawo limene linatuluka m'chaka cha 2009 ndipo linasandutsidwa kanema m'chaka cha 2019.

Anthu akunja amakonda nkhani imeneyi chifukwa cha makina amphepo opangira magetsi amene mnyamatayo anamanga ali ndi zaka 14. Koma munthu wa m'dziko muno akaiwerenga modekha apezamo kanthu kena. Banjalo linali la alimi a chimanga ndi fodya. Ufa utatsala pang'ono linayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndipo m'malo momaliza ufa wotsalawo, mayi a m'nyumbamo anayamba kuphika zigumu ndi kukagulitsa pa msika, kuti kaphindu ka tsikulo kagule chakudya cha madzulo pamene mpamba ukusungika. Mnyamatayo analeka sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi, koma sanakhale pansi n'kumalira. Anapita kukabwereka mabuku ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Zipangizo anatola pa dzala la zitsulo zotayidwa pa esiteti ya fodya: chokupizira mphepo cha thirakitala, mapaipi akale, pamodzi ndi njinga yakufa ya bambo ake ndi milongoti ya bulugamu. Zimene ena ankaziyesa zinyalala iye anaziona ngati katundu.

Chofunika kuchikumbukira kwambiri nchakuti ntchitoyo sanaigwire yekha. Pamene anthu ankamutcha wamisala, msuweni wake anamuthandiza ndi manja, ndipo mnzake wina, mwana wa mfumu ya m'deralo, anatulutsa tindalama take tochepa kumugulira dayinamo ya njinga ndi zina zimene sakanatha kutola padzala. Panalibe kalata ya pangano, panalibe chiwongoladzanja. Pakanapanda tindalama timeneto, mwina makinawo sakanazungulira, mwina mnyamatayo sakanakafika ku Arusha m'chaka cha 2007 kukalankhula pamaso pa akatswiri, kapena kumaliza maphunziro ku Dartmouth College m'chaka cha 2014. Pambuyo pake mudzi wa Masitala unaona madzi a m'mipopi. Kupatsa nkuika.

Mzimu umenewu si wachilendo ku Kasungu. Makolo anali ndi dima, pamene mudzi wonse unkalima munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, malipiro ake n'kukhala thobwa kapena mowa ndi nsima. Mpaka lero si mlimi aliyense ali ndi jeke yodindira fodya, si aliyense ali ndi ngolo, koma mabelo amadindidwa ndipo chimanga chimafika pakhomo, chifukwa jeke imodzi imayenda makomo khumi. Mayi wosowa mchere amatuma mwana kwa mnzake ndi kambale, ndipo kambaleko sikabwerera kopanda kanthu. Maliro akagwa, nyumba iliyonse imatulutsa ufa ndi nkhuni popanda woitanitsa. Pa chithandizo chotere sipayenera kukhala tsankho. Mabanja ambiri amene anabwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Machinga kudzagwira utenanti anakhazikika m'derali, ndipo ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti, ambiri a iwo alibe munda wawowawo. Njala ikafika imayambira pa makomo awo.

Masiku ano dima watenga maonekedwe atsopano mwa banki m'khonde. Anthu pafupifupi makumi awiri, makamaka amayi, amakumana sabata iliyonse, nagula masheya monga momwe aliyense angathere, nasonkha kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Wofuna ngongole amabwereka pamaso pa onse, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse pamodzi ndi phindu. Magulu anzeru amagawana mvula ili pafupi, kuti ndalamazo zilowe m'thumba la feteleza ndi la mbewu. Mphamvu ya gulu lotere siili m'bokosi la ndalama ayi. Ili m'manyazi a munthu amene sangathe kuyang'ana anzake kumaso ngati sanabweze. Kumeneku ndiko kusiyana kwake ndi katapila, amene amabwereketsa thumba limodzi mu Januwale nadzatenga awiri kapena atatu pokolola, ndiponso ndi mavenda amene amagula fodya pakhonde pa mtengo wolira, mlimi atapanikizika ndi fizi ya mwana.

Kusamala chuma kwafunika koposa tsopano chifukwa ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Sopo, mchere, mafuta ophikira ndi feteleza zinakwera mtengo. Koma thumba la chimanga lothiridwa mankhwala a anankafumbwe silidziwa za kugwa kwa kwacha. Mfutso woyanikidwa mu Malichi, mtedza wosungidwa m'makoko, mbuzi ziwiri m'khola, kadimba ka masamba m'mbali mwa Bua kapena Dwangwa, manyowa a m'khola osakaniza ndi feteleza wochepa: zonsezi ndi ndalama zimene sizidutsa pa banki, ndipo palibe wozidula.

Tsono pali mawu amene ayenera kulunjika kwa atsogoleri a chipani m'nthambi, m'madera ndi m'boma, pamodzi ndi alangizi, aphunzitsi ndi makalaliki. Chinthu chimene anthu osauka amanga ndi thukuta lawo chimatha kugwetsedwa ndi mtsogoleri mmodzi wosasamala pakamwa. M'zaka za m'ma 1980 makalabu a alimi a m'dziko muno ankadziwika ndi kubweza ngongole pafupifupi yonse, ngakhale kuti nthawi zina katundu wa olephera ankalandidwa mwankhanza. Chilala cha 1992 chitagwa, ndipo ndale za 1993 ndi 1994 zitatentha, alimi anamva pa misonkhano kuti ngongole siyofunika kubweza. Bungwe la SACA limene linkabwereketsa linagwa, ndipo m'chaka cha 1994 ntchito yake inatengedwa ndi Malawi Rural Finance Company. Amene analankhula pa nsanja anakwera magalimoto awo napita. Amene anatsala opanda kobwereka feteleza anali alimi.

Choncho mtsogoleri amene alowa m'gulu la banki m'khonde, natenga ngongole yaikulu chifukwa anthu akuopa udindo wake, kenaka n'kumazemba misonkhano, akuba kwa amayi amasiye ndipo akunyazitsa chipani. Wantchito wa boma amene atenga malipiro ake n'kuyamba katapila pakati pa alimi omwe anatumidwa kukawatumikira ali ndi mlandu womwewo. Kumwaza ndalama pa msonkhano nakonso sikuthandiza munthu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa mchitidwe wokopa ovota ndi mphatso, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ndalama yolandira pa msonkhano imathera pa msika wa tsiku lomwelo, n'kusiya anthu akuyang'ana kumsewu m'malo moyang'anana okhaokha.

Ntchito imene atsogoleri angagwire njosafuna galimoto kapena alawansi. Msika usanatsegulidwe, wapampando wa nthambi, mogwirizana ndi nyakwawa ndi mlangizi, akhoza kukumbutsa bambo ndi mayi kuti akhale pansi pamodzi ndi kuwerenga matumba amene banja lawo limadya kuchokera pokolola kufikira pokolola pena, ndi kuti pepala la malonda a fodya lionedwe ndi onse awiri. Akhoza kudziwiratu makomo a nkhalamba, a odwala ndi a ana amasiye, kuti achinyamata akawalimire mizere mvula isanagwe, osadikira kuti adzakumane pa maliro mu Febuluwale. Koma wapampandoyo asanatsegule pakamwa, anthu a m'mudzimo amakhala atadziwa kale matumba amene ali m'nyumba mwake, ndiponso ngati jeke imene anabwereka chaka chatha anaibweza.