Dalaivala wa alendo a m'sitima asamadye zikomo

Mlamu wanga amayendetsa basi ya alendo ku Cape Town. Wakhala ku Joni zaka zambiri, mapepala ake ndi olongosoka, ndipo ndi mmodzi mwa anthu amene banja lathu limayang'anako fizi ikavuta. Sabata yatha anandiimbira pa WhatsApp usiku, mawu ali otopa. Ndinamufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji poti ino ndi nyengo ya sitima.

"Alamu, ntchito ndiye iliko," anatero. "Lero ndanyamula anthu 44 a m'sitima, ndawazungulitsa tsiku lonse. Potsika ndalandira zikomo 43. Gogo mmodzi yekha ndi amene wandifumbatitsa tindalama tachitsulo ta kwawo, toti ngakhale kosinthitsa ndalama sangatiyang'ane."

Tinaseka tonse, koma foni itadulidwa nkhaniyi inanditsalira m'mutu. Ikuoneka yaing'ono, ya tipi chabe, kangachepe kamene mlendo amapereka pothokoza. Koma mukaitsata bwino mupeza kuti ndi nkhani ya malipiro, ndi ya amene amatsala ndi ndalama mlendo akalipira ulendo wake.

Sitima zimene ndikunenazi si za mtundu wa Ilala yathu ayi. Izi ndi mahotela oyandama, zonyamula anthu opita kokasangalala basi. Icon of the Seas, imene inayamba maulendo mu Januwale 2024, ikhoza kunyamula alendo mpaka 7,600, osawerengera ogwira ntchito. Bungwe la makampani a sitimazi, CLIA, linati anthu 34.6 miliyoni anakwera sitima zoterezi mu 2024. Kum'mwera kwa Africa kuno bizinesiyi ikukulanso. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatsegulira malo atsopano ofikira sitima za alendo ku Durban mu Novembala 2023, ndipo chiyambireni kuwombera zombo pa Nyanja Yofiira kumapeto kwa chaka chomwecho, makampani angapo anasiya kudzera ku Suez n'kumazungulira ku Cape. Mapeto ake madoko a Durban, Cape Town ndi Walvis Bay analandira sitima zimene kale sizikanaima kumeneko.

Sitima ikaima padoko m'mawa, alendo amatsika n'kukwera mabasi kukaona malo, madzulo n'kubwerera. Apa ndi pamene mlamu wanga ndi anzake amalowa m'nkhaniyi.

Choyamba tiyenera kumvetsa mutu wa mlendoyo, chifukwa sikuti onse ndi oumira. M'sitima zambiri, makamaka za ku America, kampani imadula yokha ndalama ya tipi tsiku lililonse pa akaunti ya mlendo. Makampani ngati Carnival ndi Royal Caribbean amadula cha m'ma madola 16 mpaka 20 munthu mmodzi patsiku, kutengera chipinda chimene watenga. Banja la anthu anayi pa ulendo wa sabata limakhala lapereka madola oposa 400 a tipi yokhayokha. Munthu wotereyu akamatsika padoko amadziona kuti nkhani ya tipi anathana nayo kalekale. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ndalama ija ndi ya ogwira ntchito m'sitima momwemo: okonza zipinda, operekera zakudya ndi ena a kukhitchini. Gaidi amene akumuyembekezera panja ndi chikwangwani, ndi dalaivala amene wakhala pa chiwongolero, si antchito a sitima. Pa ndalama ija sapezapo ngakhale senti.

Onjezani ichi: m'sitimamo ndalama ya m'manja sigwira ntchito. Chilichonse, kuyambira mowa mpaka chithunzi, amalipira ndi khadi yomwe ndi kiyi wa chipinda. Munthu akhala sabata yathunthu osagwira pepala la ndalama, ndiye atsika ku Cape Town kwa maola asanu ndi atatu, mawa ali ku dziko lina la ndalama ina. Apite kukasinthitsa marandi chifukwa cha ndani? Nthawi zambiri akamasisita matumba potsika basi kuti "pepani ndilibe kanthu" amakhala akunena zoona.

Tsopano tiyeni titsate ndalama ya ulendo wa pamtundawo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mlendo amagula tikiti ya ulendowo ku kampani ya sitima, asananyamuke kwawo kapena ali m'sitima. Mtengo wake umakhala wokwera ndithu kuposa umene akanalipira atafunsa yekha padoko. Amalolera kulipira chifukwa cha lonjezo limodzi lalikulu: basi yogulidwa kudzera ku sitima ikachedwa, sitima imadikira kapena kampani imakuonera njira, ukapita pawekha n'kuchedwa, upeza sitima yapita, uziona wekha. Mantha osiyidwa padoko la chilendo ndi katundu wogulika kwambiri.

Kampani ya sitima ikalandira ndalamayo imachotsa gawo lake. Ross Klein, amene anaphunzitsa ku yunivesite ya Memorial ku Canada n'kulemba mabuku angapo okhudza bizinesiyi, ananena kuti gawo limeneli limafika theka la mtengo, pena kuposa. Yotsalayo imapita ku kampani ya m'dzikomo imene inapambana kontilakiti, nthawi zambiri chifukwa inatchula mtengo wotsika kuposa anzake. Kampani imeneyi ilipire mafuta, ndalama zolowera kumalo okaonako, chakudya cha masana, inshuwalansi. Pa tsiku limene padoko pali sitima ziwiri imabwerekanso mabasi kwa ena, nawonso adyepo. Gaidi kawirikawiri ndi waganyu, amaitanidwa tsiku limene kuli sitima. Dalaivala ndiye wakumapeto kwenikweni kwa mzere. Pofika pa iye mphika umakhala wakombedwa.

Ndiye taonani mmene zilili. Mlendo walipira ndalama zambiri ndipo akukhulupirira kuti amene akumutumikira alipidwa bwino. Bwana wa kampani ya mabasi akamalemba munthu ntchito amamuuza kuti malipiro ndi ochepa "koma kuli matipi". Kampani ya sitima imalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti tipi ya gaidi ndi dalaivala ili kwa mwini wake mlendo. Aliyense wasamba m'manja, ndipo palibe amene wanama kwenikweni. Koma lendi ya mlamu wanga ikudalira ngati munthu wochokera ku Florida anakumbukira kuika madola asanu m'thumba la kabudula m'mawa.

Ine amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi dalaivala. Gaidi ali ndi maikolofoni. Tsiku lonse amalankhula, amaseketsa anthu, amadziwika dzina, amajambula nawo zithunzi. Dalaivala alendo amangomuona nkhongo. Chonsecho taganizani ulendo wotchuka wopita ku Cape Point: msewu wa Chapman's Peak, makilomita 9 okha koma makona 114, mbali ina thanthwe mbali ina phompho logwera m'nyanja. Kenako ku Boulders Beach kukaona mbalame zija za penguin, kumene kupeza poimika basi yaikulu ndi nkhondo. Pobwerera mulowe m'chipiringu cha magalimoto a madzulo, wotchi ikuthamanga, chifukwa sitima yoima padoko ola limodzi lowonjezera imadya ndalama zambiri ndipo mlandu wake ugwera kampani ya basi, kampaniyo igwetsere dalaivala. Iye anadzuka 4 koloko kukatenga basi, ndipo alendo akatsika ndi iye wosesa zinyenyeswa. Miyoyo 44 inali m'manja mwake, koma envulopu ikatuluka imalunjika kwa wolankhula uja.

Amati gaidi ndi dalaivala amagawana. Ena amagawanadi, mwachilungamo. Koma kugawana kumeneku kulibe lamulo, kulibe mboni. Mlamu akuti pali magaidi amene ukaikidwa nawo tsiku limodzi umadziwiratu kuti lero kunyumba ugula nyama, ndipo pali ena amene amakuuza kuti "lero sizinayende" thumba la jekete likuchita kulendewera. Maubale ambiri a pantchito asokonekera pa marandi 50.

China chimene chimasokoneza n'chakuti tipi si chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Kwa Amereka ili m'magazi, ndipo pali chifukwa chake. Lamulo la boma lalikulu kumeneko limalola kulipira wogwira ntchito yolandira matipi madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuyambira 1991, bola matipi akwanitse zotsalazo. Chaka cha 2025 anafika pokhazikitsa lamulo lochepetsa msonkho pa matipi, kusonyeza kuti kwa iwo tipi ndi malipiro enieni. Koma munthu wa ku Australia kapena ku Japan anakula akudziwa kuti mtengo wolembedwa ndi womwewo, wantchito amalipidwa ndi bwana wake. Ku Japan kupereka tipi kukhoza kumuchititsa manyazi wolandirayo. Onsewa amakwera basi imodzi. Madalaivala ndi magaidi amadziwa zimenezi, moti akamva sitima imene ikubwera amayamba afunsa kuti yanyamula anthu a kuti. Ndipo tisanamizane, kumwetulira kwa tsikulo kumatengera yankho lake. Ulemu ukayamba kuyezedwa ndi pasipoti, ntchito yokopa alendo yayamba kudwala.

Malamulo alipo amene akuyesa. Ku South Africa lamulo la malipiro otsikitsitsa la 2018 limanena momveka kuti matipi sawerengedwa ngati gawo la malipiro, ndipo pa 1 Malichi 2025 malipirowo anakwezedwa kufika pa R28.79 pa ola. Ku Britain, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, bwana akukakamizidwa kupereka matipi onse kwa antchito osadulapo kanthu. Ndi malamulo abwino. Vuto lake amathandiza munthu wolembedwa ntchito, wokhala ndi pepala la malipiro. Waganyu wa tsiku limodzi, amene mawa akufuna aitanidwenso, sapita kukasuma. Ndipo akakhala mlendo m'dzikomo, ngati achimwene athu ambiri ku Joni, pakamwa pamatsekeka kawiri.

Ndivomere kuti ine mwini tipi sindiikonda. Kwathu kuno mawu oti "ya fanta" tinawaononga. Amatchulidwa ndi munthu amene wagwira fayilo yako mu ofesi, kapena amene wakuimitsa pamsewu, ntchito isanagwiridwe. Nchifukwa chake Mmalawi akamva za tipi amaganiza za ziphuphu. Kusiyana kulipo ndithu: chiphuphu chimatsogola, tipi imabwera pambuyo, ndipo amene sanapereke salandidwa kanthu. Komabe gaidi amene mphindi khumi zomaliza za ulendo amazithera pofotokoza za ana ake asanu ndi bokosi limene lili pakhomo la basi amandichititsa manyazi, ngakhale ndikumvetsa chimene chamufikitsa pamenepo. Njala yomweyo ndi imene imapangitsa basi kuima mphindi 40 pa shopu ya ziboliboli imene imapereka komishoni, pomwe pamalo enieni amene mlendo analipirira mwangokhala mphindi 15. Mlendo amene wakana kupereka madola asanu amalipirabe, kungoti mwa njira ina ndipo osadziwa.

Chimene ndikuona kuti chingasinthe zinthu si kuphunzitsa alendo ulemu. Ndi makampani a sitima, amene ali ndi mphamvu zonse pa mgwirizanowu. Amatha kuuza kampani ya basi zaka za galimoto, mtundu wa inshuwalansi, ngakhale kuzizira kwa madzi akumwa. Akhozanso kulemba mu kontilakiti ndalama imene gaidi ndi dalaivala ayenera kulandira patsiku. Ngati zimenezo zavuta, alembe pa tikiti ndi zilembo zooneka kuti tipi ya m'sitima sifika kumtunda. Makampani ena a maulendo odula amaphatikiza kale tipi ya kumtunda mu mtengo, ndiye si chinthu chosatheka. Maboma a madoko nawo, amene amakonda kulengeza kuchuluka kwa sitima zofika, azifunsako kuti pa dola iliyonse ya ulendo wa pamtunda ndi masenti angati amene amagona m'dzikomo.

Podikira zimenezo, munthu wakwera basi achite chiyani? Ndikufunsa chifukwa masiku ano Amalawi ena, makamaka okhala ku Joni, akukwera nawo sitima za MSC zochokera ku Durban kupita ku Pomene ndi Portuguese Island ku Mozambique. Malangizo amene apaulendo amapatsana ndi oti gaidi alandire cha m'ma madola asanu munthu mmodzi pa ulendo wa theka la tsiku, kuwirikiza ukakhala wa tsiku lonse, dalaivala madola awiri kapena atatu. Ine ndingowonjezera ziwiri. Ikhale ya pepala, makamaka ya dzikolo, chifukwa zachitsulo zakunja sizisinthika. Ndipo ya dalaivala mumupatse m'manja mwake, osatumiza kudzera kwa wina.

Nkhani yomweyi ili pakhomo pathu ngakhale tilibe doko la nyanja yamchere. Mlendo amene walipirira ulendo wake wonse ku London, akafika ku Likhubula n'kusenzetsa mnyamata chikwama kukwera phiri la Mulanje, amaganizanso kuti zonse analipira. Amene amapalasa bwato ku Cape Maclear akudziwa bwino zimene ndikunena.

Nyengo ya sitima ku Cape Town imatha cha mu Epulo kapena Meyi, kenako kumabwera mvula ndi kuzizira, mabasi ambiri n'kuima. Zimene mlamu angasunge miyezi ino ndi zimene zidzadutse pa Mukuru mu Juni, mwana wake wa Folomu 3 akamadzafuna fizi. Tindalama tachitsulo tija akuti amatiponya m'botolo la mayonesi pawindo. Muli mayuro, mapaundi ndi tina ta ku Canada, ndipo botololo latsala pang'ono kudzadza.