Mwana wakuda aleredwe ndi yani? Mkangano wa ku America

M'mwezi wa May 1968, patangopita milungu yochepa Martin Luther King Jr ataphedwa, anthu akuda ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu anatuluka mokwiya mumsonkhano waukulu wa ntchito yawo ku San Francisco. Ankadandaula kuti amene amathandizidwa ambiri ndi akuda, koma oyendetsa zinthu ndi azungu okhaokha. Pamenepo ndi pomwe panabadwira bungwe la National Association of Black Social Workers, mwachidule NABSW.

Bungweli lili ndi nthambi m'mizinda yambiri, koma chimene linatchuka nacho ndi chikalata cha mu 1972, chokana kuti ana akuda aziperekedwa kwa mabanja a azungu kuti akhale ana awo mwalamulo. Chaka cha 1971 chokha, ana akuda pafupifupi 2,500 anali atapita m'mabanja otere. Chikalatacho chitatuluka, chiwerengero chinatsika msanga.

N'zosavuta kunena kuti limeneli linali tsankho lotembenuza. Koma taonani mmene zinthu zinkayendera. Banja lakuda likafuna mwana, ofesi inkayamba yafunsa za malipiro, za chipinda chakechake cha mwanayo, ngati mayi azikhala pakhomo osapita kuntchito, ndiye n'kuwonjezera ndalama zolipira. Agogo olera zidzukulu zitatu m'nyumba ya zipinda ziwiri ankagwa pa funso loyamba lomwe. Kenako maofesi omwewo n'kumati akuda safuna kulera ana. Robert Hill, katswiri wofufuza za mabanja, anasonyeza mu 1977 kuti akuda ankalera ana a abale awo ochuluka zedi popanda pepala la khoti. Ku Detroit, bungwe la Homes for Black Children litachotsa zopinga zina, makolo akuda anapezeka. Choncho vuto silinali kusowa kwa manja olera ayi, linali pa khomo lolowera.

Panalinso nkhawa ina imene sindiiona ngati yopeka. Mwana wakuda wa ku America amafunika munthu womuuza zoyenera kuchita wapolisi akamuimitsa usiku, ngakhalenso wodziwa kupesa tsitsi lake popanda misozi. Chikondi chokha sichiphunzitsa zimenezi.

Otsutsa nawo sanabwere chimanjamanja. Rita Simon ndi Howard Altstein anatsatira kwa zaka 20 mabanja a azungu olera ana amitundu ina, ndipo anapeza kuti ambiri mwa anawo anakula bwino, akudziwa kuti iwo ndi ndani. Funso lawo lopweteka linali ili: pamene mukufunafuna banja lakuda, mwanayo akudikira kuti? Akudikira m'manja mwa olera ongogwirizira, lero nyumba iyi, chaka chamawa ina, sukulu n'kumasinthasintha. Khanda limapeza makolo msanga. Mnyamata wa zaka 10 amakanidwa. Chaka chilichonse chodikira chimamuchepetsera mwayi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa mlandu uwu mbali zonse ziwiri zikhoza kuulumbirira mwambiwu.

Aphungu anamvera otsutsawo. Lamulo la Multiethnic Placement Act la mu 1994, lomwe linakhwimitsidwa mu 1996, linaletsa maofesi olandira ndalama za boma kuchedwetsa kapena kukana kupereka mwana chifukwa cha khungu. Chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo, mu 1978, linali litakhazikitsa lamulo loteteza ana a Amwenye a ku America kuti azikhala mwa anthu a mtundu wawo. NABSW nayo inafewako mu 1994, n'kuvomera kuti njira zonse zikalephera mwana akhoza kupita kubanja la mtundu wina.

Ine ndimaona kuti bungweli linaluza pa funso laling'ono koma linali ndi mfundo pa lalikulu. Kukaniratu mabanja a azungu kunali kulipiritsa ana amene analipo kale pamzere. Koma funso lakuti mwanayo wafika bwanji pamzerepo ndi limene ambiri analizemba. Milandu yambiri yolanditsa ana ku America si yomenya, ndi ya kusasamala, ndipo kusasamala ndi umphawi zimafanana nkhope: wa ofesi afika, atsegula firiji apeza mulibe kanthu, magetsi anadulidwa, mayi ali kuntchito ya usiku. Dorothy Roberts, m'buku lake la mu 2002 lotchedwa Shattered Bonds, anafotokoza mmene zimenezi zimagwera kwambiri mabanja akuda. Amalawi amene akukumbukira phokoso la mu 2006, Madonna atatenga mwana ku Mchinji bambo ake ali moyo, akulidziwa funso limeneli.

Pang'onopang'ono malamulo ayamba kutsata maganizo a NABSW. Kuyambira 2008, boma likachotsa mwana pakhomo liyenera kudziwitsa achibale pasanathe masiku 30, ndipo lamulo la mu 2018 linalola kuti ndalama zina zithandize banja mwana asanachotsedwe. Komabe lamulo lina la mu 1997 likadalipo: mwana akakhala kwa olera ongogwirizira miyezi 15 mwa miyezi 22, boma nthawi zambiri limayamba mlandu wolanda makolo ufulu wawo pa mwanayo, ngakhale mayiyo atakhala kuti akadali pamzere wodikira nyumba.