Njanji ili kuseri kwa munda wanga, nandolo ndikukweza pa lole

Lero ndiye mundipirire, nkhani yake ndi ya sitima.

Dzana tinatsutsana pafoni ndi mphwanga wa ku Lilongwe. Akuti amalume mwakalamba, boma silingayendetse njanji, zimenezo n'za makampani. Ine ndinati chabwino, ndiyankha pano kuti onse amve.

Munda wanga uli kufupi ndi Nkaya kuno ku Balaka. Usana ndi usiku imadutsa sitima ya malasha, kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi. Mabogi ake ukati uwerenge umasokonezeka usanafike kumapeto. Chaka chatha ine ndinakolola matumba 14 a nandolo. Ndinawakweza pa ngolo, kenako pa lole ya matola, ndipo ndalama ya thumba limodzi lathunthu inathera panjira. Njanji ili pomwepa, ndikuiona ndi maso angawa.

Ya anthu ilipo, sindikukana. Koma imeneyo umachita kudikirira tsiku lake, pomwe malasha sadikira.

Achinyamata simukudziwa, njanjiyi inali m'manja mwa boma, dzina lake Malawi Railways. Mu 1999 boma linaipereka kwa amalonda kuti aziyendetsa. Akuti sanagule, anangobwereka, njanji ikadali ya dziko. Eya, ndiye ife alimi kubwereka timakudziwa. Munthu wochita lendi munda amadzala chimene chimubweretsere ndalama msanga. Munamuonapo akudzala mango kapena kukonza mgula wa kumalire? Sindikuti ndi woipa ayi, akuwerenga phindu lake basi. Wolakwa ndi mwini munda amene sanapangane naye bwino.

Mphwangayo akuti boma ndi akuba, mwaiwala Cashgate? Sindinaiwale mwana wa mlongo wanga. Ndipo masiku a bomawo sitima inkachedwa, tinkagona pa siteshoni udzudzu ukutidya. Ndivomerenso kuti njanji yatsopano yochokera ku Moatize anamanga ndi a kampani, ndi yolimba kwabasi. Koma anamangira ndani? Malasha. Kukanakhala kuti ku Moatize kulibe malasha, bwenzi ataikapo ngakhale chitsulo chimodzi chifukwa cha nandolo wa ine?

Kafunseni anzathu a kumunsi kwa Shire. Madzi anadula njanji pa Chiromo mu 1997, ikadali m'manja mwa boma. Amalonda atabwera, sitima sinawolokenso kupita ku Bangula ndi Nsanje, chifukwa kumeneko kuli anthu ndi mbatata zawo, kulibe mgodi. Ana anabadwa, anakwatira, sitima osaiona. Amene wabwerera kukayamba kukonza kuchokera ku Marka ndi boma lomwe mukulinyozalo, ndi misonkho yathu. Ndiye poti pali phindu pakhale pa kampani, poti paphwasuka pakhale pathu? Imeneyo ndiye ine ndakana.

Komanso boma likalakwa ndili ndi pokadandaula. Phungu ndimamudziwa nkhope, amabwera pamaliro, ndipo voti yanga amaifuna. Nanga bwana wa kampani amene ali kutsidya kwa nyanja ndikamupeza kuti? Pa WhatsApp?

Sindikuti athamangitsidwe mawa. Ndikuti mwini njanji akhale mwini weniweni. Pangano limene anasainirana atiwerengere pa wailesi m'Chichewa, timve kuti munalembedwa zotani za sitima ya anthu. Ngati mulibe za bogi la mbewu nthawi yokolola, akalembemo. Fetereza akamachokera ku Nacala, wina azitsikira pa siteshoni zathu zino, osangotidutsa kuti tikamutsatire ku tauni pa mtengo wokwera.

A mfumu ndawauza kale kuti pa msonkhano wa chitukuko Lachinayi nkhaniyi ndiidzutsa. Amene muli ndi matumba oti mupite nawo ku Balaka kapena ku Limbe chaka chino, lembani m'munsimu kuti ndi angati, ndikapite ndi nambala. Iwe wa ku Lilongwe, uyankhe pompano, usandiimbire usiku.