APHUNGU ATHU, NJOBVU NDI CIPEMBERE ZIRI M'MANJA MWANU

Abale anzanga a m'komboni ya Nakatindi, tamverani. Ine ndinali kalaliki ku migodi, ndipo kumeneko ndinaphunzira cinthu cimodzi: mlandu umene sunalembedwe m'buku, bwana sauona. Lero ndifuna kulemba mlandu wa nyama zathu.

Ife tikhala pafupi ndi nkhalango ya Mosi-oa-Tunya. M'nyengo ya cilimwe njobvu zimaoloka Zambezi ndi kulowa m'komboni usiku. Zimadya ndiwo za m'madimba, zimagwetsa mipanda, ndipo anthu afa kale. Munthu wopita ku nchito m'bandakuca ayenda mtima uli m'mwamba. Cifukwa cace ena akuti, "Ziphedwe zonse!" Mkwiyo wao ndiumva, koma ine ndikana.

Kumbukirani cipembere cakuda. Kale cinali cambiri m'dziko lino, koma anthu akuba nyanga anacitsiriza, ndipo mu 1998 Boma linanena kuti catheratu. Mu 2003 tinacita kukapempha cina ku South Africa kuti cikhale ku North Luangwa. Pano pa Livingstone, mu 2007, akuba anaombera zipembere zoyera ziwiri zimene zinatsala, cimodzi cinafa. Zimene ziripo lero zilondedwa ndi mfuti usana ndi usiku. Madzi akatayika saoleka. Nyama zikatha alendo adzacepa, ndipo wa m'hotela, wa galimoto ndi wosema ziboliboli adzakhala manja lende.

Nanga amene tinawasankha ali kuti? Lamulo la nyama la 2015 linapangidwa ndi aphungu m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka, koma silinanene kanthu za kulipira munthu amene munda wace wadyedwa. Amene anapanga lamulo ndiwo angathe kulikonza. Ndiponso mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Asatiuze kuti m'thumba mulibe kanthu.

Tipempha zinthu zinai. Coyamba, phungu aimirire m'Nyumba ya Malamulo anene za malipiro a olira. Caciwiri, pakhale mpanda wolimba ndi nyali pakati pa komboni ndi nkhalango. Cacitatu, makhansala akane kugawa mapuloti pa njira zimene njobvu zimapita kukamwa madzi, pakuti njobvu siiwala njira yace. Cacinai, anyamata a Nakatindi alembedwe nchito yolonda nyama. Munthu amene adya cifukwa ca cipembere sangaonetse wakuba njira.

Njobvu iribe bvoti, cipembere sicibwera ku msonkhano. Ife ndife tiri ndi pakamwa. Wofuna bvoti akadza ndi zitenje ndi mau okoma, mumfunse: "Bwana, za nyama ndi za minda yathu mwanenapo ciani?" Yankho lace mulilembe, ndipo mudzaliwerenge tsiku la masankho.