Tujilijili tinaletsa, nanga junta yachokera kuti?

Mnyamata akangogwera mu ngalande muno mu George ataledzera dzuwa lisanakwere, akuluakulu amayamba nyimbo yawo: boma liletse mowa basi. Ife tatopa nayo nyimbo imeneyo.

Agiriki akale anali ndi mulungu wa vinyo, dzina lake Dionysus. Nthano yawo imati Pentheus, mfumu ya mzinda wa Thebes, anamukana ndipo analamula kuti amangidwe. Maunyolo anamasuka okha. Azimayi a mumzinda anali atathawira kuphiri kukamuvinira, ndipo Pentheus yemweyo, wodzionetsa kulungama uja, anavala zachizimayi nakwera mumtengo kuti awasuzumire. Atamuona anamukhadzulakhadzula, ndipo amene ananyamula mutu wake anali Agave, mayi ake omubala.

Ifenso tinayesa njira ya Pentheus. Mu 2012 nduna Nkandu Luo analetsa tujilijili, tonse tinaomba m'manja. Tumapaketi tunasowadi, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'tumabotolo, ndi uwu manje tikuutcha junta. Kachasu nayenso sanaleke kutchezedwa kuseri kwa nyumba. Chinasintha ndi chotengera chabe.

Koma ogulitsa musasekerere, nthano yachiwiri ndi yanu. Dionysus anaphunzitsa munthu wina, Ikarios, kupanga vinyo. Iye mwachisangalalo anagawira abusa a nkhosa, iwo namwa osasakaniza ndi madzi. Mitu itayamba kuzungulira anaganiza kuti awadyetsa poizoni, ndiye anamupha. Mwana wake Erigone atapeza mtembo anadzimangirira. Agiriki sanataye vinyo chifukwa cha ichi. Mwambo wawo unali womusakaniza ndi madzi, ndipo womwa wosasakaniza ankamuona ngati munthu wosaleredwa.

Ikarios tingamumvere chisoni, sanadziwe mphamvu ya zimene anagawa. Nanga inu a pa kantemba, mumalandira ndalama kwa mwana wovala yunifomu ya sukulu, simudziwa chiyani?

Lamulo la malayisensi a mowa la 2011 lilipo kale, ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Sitikupempha lamulo latsopano ayi. Tikufuna a Lusaka City Council aziyenda mu komboni mwezi ndi mwezi, osati tsiku limodzi lokha pamene pali makamera a TV. Afunse layisensi pa bala iliyonse kuchokera ku Lilanda mpaka mkati mwa George, atseke amene amatsegula m'mamawa ana akupita kusukulu, ndipo alondole tumabotolo tumeneti mpaka ku fakitale kumene tumadzazidwa.